Nyimbo Imene Magetsi Anaidula Pakati

Nkhaniyi anthu akhala akuipotoza kuno ku esiteti. Ena akuti ndinavina, ena akuti ndinakwera pa tebulo, wina ku fakitale wafika ponena kuti ndinavula jekete n'kuliponya m'mwamba. Ndiye ndati ndi bwino muimve kwa mwini wake, mwadongosolo lake. Pa tebulo sindinakwere. Jekete sindinavule. Zinazo ndifotokoza.

Ine ndinaleredwa ndi sukulu ya mishoni, kumene belu likalira sumafunsa kuti lalirira chiyani, umangothamanga. Ntchito ndagwira ya ukalaliki wa pa sikelo ya masamba a tiyi mpaka kupuma, ndipo palibe munthu amene anadutsapo mnzake pa mzere ine ndili pompo. Kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo, komanso ndine woyambitsa nyimbo, pakuti kwathu kulibe limba: munthu mmodzi amaimirira, kupeza chuni, kuponya mzere woyamba, mpingo wonse n'kutsatira. Luso limeneli anandipatsa ndi mphunzitsi wina wa ku mishoni amene ankaloza do, re, mi pa bolodi ndi ndodo ya nsungwi, ukaphonya ndodo ija imasiya bolodi n'kubwera kwa iwe. Anatikhomerera malamulo awiri. Loyamba, nyimbo imanyamuka pa do ndipo iyenera kubwerera pa do, monga munthu wabwino amabwerera kunyumba kwake. Lachiwiri, woyambitsa nyimbo saima panjira. Ukayamba molakwika, pita nayo mpaka kumapeto, kulira ukalirire kwanu. Kuyambira nthawi imeneyo khutu langa silimva nyimbo ngati la anthu ena. Ngakhale njiwa ikamalira mu bulugama, ine ndimangomva solofa: so, mi, mi, do.

Tsono ndine wapampando wa komiti ya makolo pa sekondale yoyendera ya kuno, kumene mdzukulu wanga Tadala ali fomu wani. Mwanayu amakhala nafe chifukwa kwa mayi ake sukulu ili kutali. Ndi mwana wofatsa mpaka kudandaulitsa. Ukamufunsa funso amayankha akuyang'ana zala zakumapazi. Koma chaka chino kunagwa mliri pakati pa ana a msinkhu wake, mliri wa mafilimu a kunja a ana asukulu oimba. Mwina munawaonapo. Amapatsirana pa mafoni, amakaonera ku vidiyo, ndipo akabwerako sayendanso ngati anthu. Tadala yemwe uja anayamba kusesa pabwalo akuimba Chingerezi, tsache lasanduka maikolofoni, fumbi lili pomwe linali.

Kenaka ana a fomu wani ndi fomu thu anapempha ahedi kuti tsiku lotsekera sukulu achite sewero lawolawo, loimba ndi kuvina ngati la m'mafilimuwo, ndipo woimba wamkulu anasankha Tadala. Ahedi anabweretsa pempholo ku komiti. Ine sindinachedwe. Ndinati sukulu ndi malo a maphunziro, si bwalo la gule wa tchopa, ndipo nditafika kunyumba ndinalamula kuti nyimbo zimenezo zithe.

M'komitimo muli Che Saidi, eni minibasi imene imayenda pakati pa kuno ndi ku Goliati. Iwo ndi Asilamu, ine Mkhristu, tadziwana kuyambira tili anyamata, ndipo ndi okhawo amene saopa nkhope yanga. Pa msonkhano wa komiti womwewo anandifunsa mofatsa:

"A Tcheya, mafilimu amenewa mwaonerapo ngakhale imodzi?"

"Sindifunika kulawa poizoni kuti ndidziwe kuti amapha."

"Ooo. Ndiye ku mishoni kuja anakuphunzitsani kugamula mlandu musanaumve?"

Funso limenelo linandibaya, chifukwa sanatiphunzitse choncho ayi. Ndinati chabwino, nkhaniyi idikire msonkhano wa makolo onse Loweruka, ine ndikadzionere ndekha, ndibwere ndi umboni, ndipo pamaso pa makolo ndi ana omwe ndidzaliike m'manda sewerolo. Mukuona nokha kuti cholinga changa chinali choyera.

Vuto linali poonera. Kupempha Tadala kuti andionetse pa foni ya anzake? Mkulu wa mpingo kugwadira mwana wa fomu wani? Ayi. Kulowa vidiyo ya pa malayini pano, pakati pa nyumba za antchito a pa esiteti, pamene aliyense amandidziwa mpaka kayendedwe? Ayinso. Ndinasankha ku Goliati, tsiku la chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi moti munthu sumaona ndi ndodo yako yomwe. Ndinavala chikhoti changa chachikulu, chipewa n'kuchitsitsa mpaka pa nsidze, mpango wa mayi a kunyumba m'khosi. Minibasi ya Che Saidi ndinaipewa dala, ndinakwera njinga yamoto ya munthu wosandidziwa, ndikupemphera njira yonse.

Nyumba ya vidiyo ndi chisakasa cha malata ndi masaka, m'kati mdima masanasana, mabenchi a matabwa osapala, kunja chisipika chachikulu chikukuwa kuti msika wonse udziwe zimene zikuonetsedwa. Mwini wake, bambo wa ndevu zosongoka, anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Madala, lero tili ndi yankhondo. Anthu akufa ambiri zedi, muikonda."

Ndinasendera pafupi n'kunong'ona kuti ndikufuna ija ya ana asukulu oimba.

"Iti? Ya malavu?"

"Ya ana asukulu. Oimba. Ndipo tsitsani mawu."

Abale inu, munthu uja anatsitsa mawu? Anatenga maikolofoni yake n'kulengeza pa chisipika chija kuti, "Tasintha pulogalamu! Agogo athu pano apempha ya ana asukulu oimba! Ana inu thamangani, agogo akudikira!" Azimayi ogulitsa nthochi anatembenuka onse. Ine ndinalowa m'chisakasa muja ngati khoswe wothawa mphaka, ndipo popeza sukulu zinali zitangoweruka, posakhalitsa munadzaza atsikana ndi anyamata a msinkhu wa Tadala, yunifomu zonyowa, ena ndi zigumu m'manja, ine pakati pawo ngati mtengo wa mbawa wotsala m'munda wa tiyi.

Filimu inayamba, ndipo umboni sunachedwe. Sukulu yake ya magalasi okhaokha, magetsi mpaka m'makonde, koma m'kalasi simuoneka munthu akuphunzira. Mwana wina wagwetsa mabuku, m'malo motola wayamba kuimba. Anzake m'malo momuthandiza ayamba kumuyankha, kenaka onse akuvina pa mzere umodzi, osaphonya phazi, ngati anachita kupangana. Malaya palibe anapisira. Pa tebulo lodyera akupondapo ndi nsapato! Ndinati mumtima, ndakugwirani.

Nkhani yake inali ya mtsikana wamanyazi, mwana wa mayi wophikira sukuluyo, amene anzake sankamuona n'komwe mpaka tsiku lina anamumva akuimba potsuka mbale. Panalinso hedimasitala wa tayi, munthu wooneka bwino, amene anaona kuti phokoso lachuluka n'kukhoma loko chipinda choimbira. Pamenepo ine ndinaiwala pamene ndinali. Ndinaomba m'manja, phwa phwa phwa, ndekhandekha m'chisakasa monse, n'kunena kuti, "Eya, ameneyo ndiye mphunzitsi!" Mitu yonse inatembenuka. Kamtsikana kamene kanakhala pafupi nane kanandiyang'ana ngati ndaponda mwanapiye.

"Agogo, ameneyo ndi woipa."

"Woipa bwanji? Akusunga mwambo."

"Dikirani muone," kanatero, n'kusuntha pang'ono kunditalikira.

Ndinayamba kuwayang'ana anawo m'kuwala kwa kanema uja. Awa ndi ana amene m'kalasi ukawafunsa Chingerezi amaluma pensulo, koma apa milomo yawo inkayenda limodzi ndi oimbawo, liwu ndi liwu. Ana oti amadzuka kuli mame, kudutsa m'tiyi wonyowa mpaka m'chiuno, kukapanikizana pa desiki imodzi, akuonera sukulu imene vuto lake lalikulu ndi loti kaya mtsikana alimba mtima kuimba pagulu. Palibe wodwala, palibe wosiya sukulu kukathyola tiyi, mvula ikagwa imagwera kuti anthu avinemo. Mtsikana wamanyazi uja atatsegula pakamwa koyamba, kamtsikana ka pambali panga kaja kanagwira pachifuwa ngati kakuimba ndi iko. Izi ndinaziona, sindibisa. Koma ndinali pa ntchito.

Chimene sindinachikonzekere ndi ichi: ana a m'filimuwo, ndi malaya awo osapisirawo, ankaimba molondola. Magulu onse anayi a mawu analipo, besi pansi, tenala pamwamba pake, alito ndi sopulano, palibe wolowerera mzere wa mnzake. Ndipo khutu langa la ku mishoni, losandifunsa n'komwe, linayamba ntchito yake. Pa nyimbo yomaliza, sukulu yonse itasonkhana pabwalo, ndinapezeka ndikutsatira mumtima: do, mi, so, so, la, so. Chuni chake chinali chaukhondo, chokwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera phiri wodziwa njira. Chinakwera, chinakwera, chinafika pa ti, pakhomo penipeni pa do, mtsikana uja wakweza dzanja, wakoka mpweya...

Magetsi anazima. Mdima bii.

Ana anakuwa pang'ono n'kutuluka akuseka, iwo mathero ankawadziwa kale. Mwini vidiyo anati jenereta ilibe mafuta, tibwere mawa. Ine ndinatsala pa benchi ndi ti wanga ali lende m'mutu. Inu amene simunaphunzire solofa simungamvetse. Nyimbo yothera pa ti ili ngati kuyetsemula kumene kwabwera mpaka pamphuno n'kukana kutuluka.

Nditatuluka, minibasi ya Che Saidi inali itaima pakhomo penipeni, eni ake atatsamira chitseko akutafuna mtedza.

"A Tcheya! Chisipika chimati agogo, agogo, ine ndimati agogo ake ati. Bwanji, yunifomu tikusokereni ya sayizi yanji?"

"Ndinali pa kafukufuku."

"Inde, inde. Kwerani kutsogolo kuno, ofufuza sakhala kumbuyo."

Ndinakwera, chifukwa mvula inali itayamba, ndipo njira yonse ankangondicheukira n'kumwetulira chiwongolero.

Masiku otsatirawo chuni chija chinamanga msasa m'mutu mwanga. Ndikumeta ndevu, chilipo. Ndikuwerenga Baibulo, chikudikira kumapeto kwa vesi. Chimakwera bwinobwino mpaka pa ti paja, n'kuima, n'kuyambiranso. Ndinayesa kuchimalizitsa ndekha, pakuti ndine munthu wodziwa nyimbo, koma mathero aliwonse amene ndinkapeka ankamveka ngati chigamba cha nsalu ina. Kubwerera ku Goliati sindikanatha, msika wonse unali utandidziwa.

Ndiye ndinakumbukira kuti m'nyumba mwanga momwe muli munthu woidziwa nyimboyo. Koma Tadala, chiletsereni ine, ankasesa mwakachetechete ngati pa maliro. Madzi ankandipatsa atagwada, "Inde agogo, ayi agogo," osaonjezerapo liwu. M'mawa wina ndinakhala pakhonde n'kuyesa nzeru.

"Tadala, masiku ano ukusesa chete. Uli bwino?"

"Ndili bwino, agogo."

"Kale unkakonda kuimbaimba ukamagwira ntchito."

"Munaletsa, agogo."

"Ndinaletsa, inde. Koma mwina pali ina yake imene inali yosaipa kwenikweni, imene imakwera chonchi..."

Mwanayo anaimitsa tsache n'kundiyang'ana. Ndinaona kuti ndatsala pang'ono kugwera m'mbuna, ndinatsokomola n'kumuuza kuti wasiya zinyalala pangodya. Taonani, lamulo langa lomwe kunditsekera panja! Mayi a kunyumba, amene ankasenda chinangwa chapafupi, anangoti, "Bambo, kodi mwayamba kulankhula ndi mphuno? Kuyambira dzana mukungong'ung'udza ngati njuchi ili m'botolo." Ndinayankha kuti chiperoni sichinandikomere mtima chaka chino, ndipo limenelo silinali bodza.

Lachinayi ndinapita kukazonda wodwala ku malayini a kutsidya, kudutsa kanjira ka pakati pa tiyi. Nkhungu inali yochindikala. Poona kuti ndili ndekha, ndinati mwina chuni chikukana kutha chifukwa ndikuchiimbira mumtima. Ndichitulutse, ndiikepo ndi mayendedwe ake monga ankachitira ana aja, mwina phazi likumbutsa khutu. Unali kafukufukube. Ndinakweza ndodo, phazi kumanja, phazi kumanzere, kutembenuka, kuomba m'manja, dzanja m'mwamba pa ti paja. Ndipo kamphepo kanabwera, kaja kamabwera nthawi zoipa zokhazokha, n'kukankha nkhungu ija ngati munthu wotsegula katani. Mbali zonse ziwiri za kanjirako kunali gulu lonse la othyola tiyi, madengu kumsana, manja ataima pamasamba, kukamwa yasa. Anthu oti ndinkawayezera masamba zaka zonsezi osaseka nawo ndi tsiku limodzi lomwe!

Kapitawo wawo anabwera akuthamanga. "Bwana kalaliki, linthumbu? Vulani msanga buluku, tikuthandizeni!"

"Palibe linthumbu. Pitirizani ntchito."

Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu. "Asiyeni, a kapitawo! Tchopa anamukana ali mnyamata, wawapeza ku ukalamba!"

Ndinatsitsa dzanja pang'onopang'ono ngati munthu amene amangoona ngati mvula ikugwa, n'kupitiriza ulendo wanga mwaulemu wonse. Wina akanaona pamenepo kuti zinthu sizili bwino, akanapempha mnzake kuti ayendetse msonkhano. Ine ayi. Ine ndinati Loweruka likubwera, ndikalipha sewerolo, chuni chifera limodzi.

Loweruka kalasi yaikulu inadzaza. Makolo pa mabenchi, komiti kutsogolo, ana a fomu wani ndi fomu thu atakhala pansi kumbuyo, ena m'mawindo, kudikira chigamulo chawo. Tadala ndinamuona pangodya, mutu uli pansi. Mwambo wa misonkhano yathu ndinaukhazikitsa ndine: timatsegula ndi ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku ndi pemphero, Asilamu amakhala chete mwaulemu, potseka amapemphera ndi Che Saidi, ifenso chete mwaulemu. Ndinaimirira, ndinatchula nyimbo yakale yoyamika Mulungu imene ndaiyambitsapo kosawerengeka, ndinakonza kukhosi, ndinapeza do wanga, n'kuponya mzere woyamba.

Mawu anali a m'buku. Chuni sichinali cha m'buku.

Mzere woyamba sindinazindikire, ndinangodabwa kuti lero nyimbo ikupepuka. Makolo anatsegula pakamwa kuti alandire, n'kutsekanso, n'kuyang'anana. Pa mzere wachiwiri ndinamva kumbuyo kuja ana akukoka mpweya onse pamodzi, ndipo pamenepo ndinadziwa chimene ndikuimba. Mawu opatulika aja kukwana m'chuni cha ku Goliati ngati phazi mu nsapato yake! Mukuti ndikanatani? Kuima? Woyambitsa nyimbo saima panjira. Ndinapitiriza ndekha, mutu uli m'mwamba, buku m'manja, ndikudziwa bwinobwino kuti kutsogolo kwanga kuli ti, ndipo kuseri kwa ti kuli mdima umene magetsi anandisiyira.

Pa mzere wachitatu ana analowa. Poyamba ndi mphuno chabe, kenaka mawu, pakuti nyimbo ya m'bukuyo ambiri amaidziwa ku Sande sukulu, ndipo chuni amachidziwa kuposa mayina awo. Anyamata anagwira besi, kenaka m'manja, phwa, phwa-phwa, ndendende pamene amaombera a m'filimu. Apa ndiye ndinachita cholakwa chimene chinandimaliza. Atsikana a alito anali pansi pang'ono, ndipo ine, m'malo mochita ngati sindikudziwa chimene chikuchitika, ndinawaloza ndi buku n'kukuwa pakati pa mzere kuti, "Alito, kwezani! Pamenepo ndi fa!" Anakweza. Zinakoma, abale, sindinama. Amene akuti ndinavina akunena za nthawi imeneyi. Ine ndikuti phazi linkangothandiza ana kuti asafulumire.

Tinakwera, tinakwera, tinafika pa ti. Ine ndinaima pomwepo, pakamwa pali potsegula, mulibe kanthu. Anawo anaimanso, chifukwa m'filimu muja malo amenewo ndi a munthu mmodzi. Kenaka pangodya paja panatuluka liwu limene sindinkadziwa kuti limagona m'nyumba mwanga. Tadala, ataimirira, maso ali pa ine, anatenga ti uja osapita naye pa do monga ndinkayesera masiku onse aja, ayi. Anamudumphitsa, kukwera mpaka re wa pamwamba, kuima pamenepo mpaka ndinachita mantha kuti mpweya umuthera, kenaka n'kutsika pang'onopang'ono kudzatera pa do ngati mbalame pa nthambi yake. Ndiye chifukwa chake mathero anga onse ankakana! M'mutu mwanga munati myaa, ngati munthu watula dengu lodzaza pa sikelo, ndipo ndinanena "Ameni" wamphamvu kuposa onse amene ndinanenapo pa sukulupo.

Pemphero ndinapempha wina apereke. Kenaka ahedi, akuluma milomo, anati, "Tsopano a wapampando atifotokozere zimene apeza pa kafukufuku wawo."

Che Saidi anakweza dzanja. "Ahedi, tisawatopetse akuluakulu. Umboni taumva tonse, ndipo auimba bwino."

Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedera. Ndinawadikira amalize, pakuti wapampando sapikisana ndi phokoso. Mawu onse amene ndinakonza anali m'mutu, a nsapato pa tebulo, a malaya osapisira, ndipo anali oona. Koma munthu ungaletse bwanji nyimbo imene wangoiyambitsa wekha, n'kuikonzera alito wake? Ndipo pangodya paja mwana uja anali chiimirire, akudikira kuti agogo ake anena chiyani. Ndinagamula motere: sewerolo lichitike. Malaya apisiridwe. Pa tebulo pasakwere munthu. Mawu a m'buku abwerere m'buku, asakwezedwenso pa chuni chimenecho, cholakwa chimenecho chinali changa ndipo ndikapepesa ndekha kwa abusa. Komanso a alito azibwera kwa ine Lachitatu akaweruka, chifukwa manyazi a fa wophonya sukulu ino singawasenze. Ana anakuwa moti akhwangwala anathawa pa denga. Tadala sanakuwe, anangobwera kudzandilandira ndodo ndi buku, n'kunong'ona kuti, "Agogo, pa mzere wachiwiri munathamanga pang'ono."

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma panja ndinapeza akundidikira agogo a Esitere, mayi wamkulu kuposa onse mumpingo mwathu, amene anabatizidwa ine ndisanabadwe, amene amabweza mtsikana pakhomo la tchalitchi siketi ikangofupika pang'ono. Ali ndi chidzukulu pa sukulupo, ndiye msonkhano saphonya. Ndinati basi, lero ndiye ndadulidwa mumpingo. Koma anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, misozi ili m'maso.

"A mkulu, Mulungu akudalitseni. Chuni chimene chija ndi chakale, eti? Cha amishoni oyamba aja? Ine ndinkachimva ndili kamwana, ndinachiiwala."

"Amayi, chuni chimenechi kwenikweni..."

"Musandiuze, ndachikumbuka ndekha. Izi ndiye nyimbo, osati zamakonozi. Tsono mundilonjeze pano, dzanja lili m'dzanja: tsiku langa likadzafika, pondinyamula kupita kumanda, mudzayambitse inuyo, ndi chuni chomwechi. Ndi ana omwewa, ndi m'manja momwe."

Ndinayesa kufotokoza, ndinayesadi, koma agogowo khutu lina linapuma kale ntchito, ndipo lotsalalo limamva zimene likufuna. Che Saidi anali kumbuyo kwawo, akugwedeza mutu ngati mboni ya ukwati. Dzanja langa sanalisiye mpaka ndinalonjeza, ndipo ine sindinathyolepo lonjezo chibadwire.

Choncho ku vidiyo sindidzapondakonso, kaya kukhale filimu ya angelo, ndipo nyimbo sindiyambitsanso ndisanaing'ung'udze kaye kwa mayi a kunyumba kuti avomereze kuti ndi ya m'buku. Koma agogo a Esitere ndikuwasamala ngati dzira. Akangotsokomola ndimatumiza mandimu ndi uchi, chiperoni chikabwera ndimakaona ngati afunda bwino, ndipo m'mapemphero anga onse dzina lawo ndi limene limayamba, kuti Ambuye awapatse zaka zambiri, zambiri ndithu, kapena ngati n'kotheka, nditsogole ndine.